Chiburashi cha Mkamwini

"Chimenecho si chanu, apongozi. Chibwezeni pomwe mwachitenga."

Agogo ananena mawuwa chapansipansi, nkhope atapotolera kumbali monga amachitira munthu polankhula ndi mkamwini, koma sitolo inali yaing'ono ndipo aliyense anamva. Mkamwiniyo anali ataima pakauntala, dzanja lina m'thumba, lina litanyamula burashi yopakira thovu pometa ndevu. Burashi n'kungonena, chinali chiburashi. Chigwiriro chake chinadzaza chikhatho chonse, ubweya wake utayanzika ngati mchira wa nkhukundembo.

"Amayi, inu munabwerera mankhwala a mawondo," anatero iye osatembenuka. "Za ndevu tisiyireni ife amene tili nazo."

Mayi wogulitsa anaseka kuseka kwa malonda, kongothera m'mano. Anali atayala maburashi pagalasi la kauntala: kakang'ono, kapakati, ndi chija chinali m'manja mwa mkamwini. Chachikulucho anachita kuchitsitsa pashelefu yapamwamba, ndipo Agogo, amene diso lawo silinkaphonya kanthu, anaona kuti asanachipereke anayamba wachipukuta fumbi mobisa. Chinthu chikakhala pashelefu mpaka kugwira fumbi, dziwani kuti anthu anzeru anachiona n'kuchisiya.

"Chimenechi n'cha mabwana," anatero wogulitsayo. "Kungopaka kamodzi, nkhope yonse yayera."

"Mwamva, amayi?"

"Ndamva. Nkhope yonse, ndi mphuno yomwe, ndi maso omwe." Agogo anasendera pafupi, ndodo yawo ikugogoda simenti. "Burashi amayeza ndi nkhope, apongozi, sayeza ndi mtima. Chiikeni pachibwano apo, mudzione pagalasi. Chikaphimba pakamwa ndi mphuno, si chanu. Tengani kapakatiko, ngakhale kakang'onoko."

Ndipo nkhope yakeyo inali yosachedwa kutha. Mkamwini wa Agogo anali munthu wamtali bwino, wa mapewa otambalala, koma pamwamba pa zonsezo Mulungu anaikapo kankhope kakang'ono, kosongoka kuchibwano ngati ka khoswe. Pansi pa mlomo, chakumanzere, panali njerewere yakuda, yotukuka ngati njere ya nyemba. Wometa wa pamsika ankaidziwa njerewereyo, makina ake ankailambalala monga galimoto imalambalalira dzenje. Koma kapitawo wa kuhotela anali atanena kuti makina amasiya ziputu. Woperekera zakudya azimeta ndi lezala m'mawa uliwonse, tsaya lizichita kuterera. Lolemba m'mawa mkamwini ankapita kukayesedwa ntchito imeneyo.

"Lolemba ndikukaima pamaso pa alendo, amayi, osati pamaso pa nkhuku," anatero iye. "Munthu wa kuhotela sapaka thovu ndi kamchira ka mbewa."

"Kukula mphuno si kudziwa kumina."

Wogulitsa anayang'ana pansi. Mkamwini anatulutsa ndalama zimene mkazi wake anamupatsa m'mawa, nagula chiburashicho, kambale ka sopo wometera ndi lezala. Anatuluka chifuwa chili patsogolo, Agogo akutsimphina m'mbuyo mwake. Pofika pamsewu Agogo anamuuza kuti asawoloke kumbuyo kwa lole. Iye anawolokera pomwepo.

Mumsewu mwawo monse ankamutchula kuti Chachikulu, ndipo dzinalo sanabe. Nsapato ankagula zopitirira phazi, n'kumaika mapepala kutsogolo. Ambulera yake inkabisa anthu atatu koma inkakana kulowa mubasi. Tsiku limene analandira ndalama zomaliza kuntchito yake yakale, asanaganize za lendi, anakagula chifiriji choti akagulitsiremo zakumwa. Lendi itawakanika n'kusamukira kwa Agogo, chifirijicho chinakana kulowa pakhomo. Anachotsa chitseko, chinakanabe. Kuyambira pamenepo chinangoima pakhonde, chozimitsa, akusungiramo nsapato za ana ake amapasa ndi mabotolo opanda kanthu. Iye, mkazi wake ndi ana awo awiri aakazi anapanikizana m'chipinda chakuseri, mmene malemu mwamuna wa Agogo ankasungiramo njinga.

Agogo nawo anali ndi dzina, lomwe mkamwini ankawatchula akakhala kuti palibe: a Chenjerani. M'nyumbamo munalibe chinthu chimene Agogo sankachiopa. Usagone foni ili kumutu. Usameze njere za lalanje. Usayandikire soketi kukugwa mvula. Usasiye singano pampando, usaseke uli ndi chakudya m'kamwa, usathamange ndi supuni. Iwo kusukulu sanapondeko, koma maliro anapitako ambiri, ndipo pa maliro aliwonse ankafunsa bwino kuti chinachitika n'chiyani. Munthu wotero amadziwa kuti ngozi sichokera kutali. Imakhala m'nyumba momwemo, itavala nkhope ya chinthu wamba. Koma machenjezo akachuluka amasanduka mvula ya padenga, anthu amagona ikugwa.

Madzulo ake Agogo anamupeza mwana wawo, Make mapasa, akusenda anyezi kukhitchini. Iyeyu ndiye ankagwira ntchito kuhotelako, m'chipinda chochapira, ndipo manja ake anali osuwuka ndi sopo wa nsalu za alendo.

"Amayi, akuti mwawachititsa manyazi m'sitolo."

"Manyazi sapha munthu. Lezala limapha."

"Ndi burashi chabe, amayi."

"Firiji ijanso inali firiji chabe. Pita ukaione pakhondepo."

Make mapasa anaika mpeni pansi. Maso ake anali ofiira, ndipo si anyezi yekha. "Kapitawo uja ndinachita kumugwadira, amayi. M'chipinda chochapira, anzanga akuona, manja ali thovu lokhalokha. Ndamupempha kuyambira nthawi ya mvula. Wandiuza kuti mwayi ndi umodzi, anthu ofuna malowo ndi ambiri. Akawalemba tipeza kanyumba kathu, inunso mupume. Choncho chonde, masiku awiriwa musawagwetse mphwayi. Bambo a ana mukawauza kuti kumanzere, amapita kumanja."

"Ndiye ndiwauze kuti adzicheke, mwina alewa?"

"Amayi."

Agogo analowa kuchipinda kwawo, natsegula sutikesi ya pansi pa bedi. M'kachitini ka masiwiti munali kaburashi ka malemu, kachigwiriro chamtengo chong'aluka pang'ono, ubweya wake wofupika ndi zaka, wonunkhirabe sopo. Malemu atayamba kunjenjemera manja, Agogo ndiwo ankawameta. Ankaviika kaburashiko m'madzi ofunda, kukakutumula, kukazunguza pa sopo, kenako kuyendetsa thovu pang'onopang'ono, kuzungulira mphuno, kuzungulira mlomo, kuzungulira chiphuphu chilichonse, monga munthu wokolopa amazungulira miyendo ya tebulo. Pamene pasafike lezala ankapasiya poyera, kuti diso lizipaona. Zaka zonsezo sanawachekepo malemu ngakhale kamodzi.

Anakapereka kwa Make mapasa. "Ukawapatse amuna ako. Usanene kuti kachokera kwa ine."

Chipupa cha chipinda chakuseri chinali chopyapyala. Agogo sanachite kutchera khutu, ngakhale anatchera ndithu.

"Kameneka n'ka ndani?"

"Ndangokapeza m'nyumbamu."

"N'ka malemu aka. Za anthu akufa ine sindipaka kumaso. Ukawabwezere a Chenjerani, azikaika kumutu pogona."

Agogo anayang'ana kudenga. Bedi limene ankagonapo munthu ameneyo linali la malemu. Denga limene linkamutchingira mvula anakhoma ndi malemu. Jekete imene ankati akavale Lolemba inali ya malemu yemweyo. Zonsezo sizinkamununkhira imfa, koma kaburashi.

Lamulungu masana, anthu atabwera kotchalitchi, Chachikulu anatulutsa tebulo pabwalo. Anaikapo beseni, galasi, kambale ka sopo ndi chiburashi chija. Akanatha kuchitira kubafa, koma kubafa kulibe anthu oonerera. Anati kumeta ameta mawa kuti tsaya likakhale latsopano, lero akungoyesa zida.

Anachiviika m'madzi. Chiburashicho chinamwa ngati ng'ombe, madzi a m'beseni anachita kutsika. Anachilowetsa m'kambale ka sopo, koma chinali chachikulu kuposa kambaleko, ubweya unatayikira m'mbali, thovu likuchuchira m'zala mpaka kuchigongono. Anazunguza, anazunguza. Atachitulutsa, pakati pa sopo panali dzenje.

Makaniko wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, sipanala ili m'manja. "Achimwene, mukupenta nyumba kapena nkhope?"

"Inu mumadziwa girisi basi. Izi n'za anthu a taye."

"Mukamaliza mundibwerekeko, ndikatsukire matayala."

Chachikulu anakweza chiburashicho nachiika patsaya. Kupaka kamodzi kokha, monga ananenera wogulitsa uja, nkhope yonse inayera mbuu, kuyambira kukhutu mpaka kukhutu. Pakamwa panasowa. Mphuno inasowa. Thovu linalowa m'mphuno, iye anayetsemula, chithovu chinauluka n'kukagwera pagalasi. Makaniko anagwira mpanda ndi kuseka. Ngakhale Make mapasa, amene ankasita malaya oyera pakhonde, anabisa pakamwa ndi dzanja.

Agogo sanaseke. Anali atakhala pampando wawo pafupi ndi chifiriji, akuyang'ana nkhope yoyerayo.

"Apongozi, njerewere yanu ili kuti?"

"Ili pomwe imakhala, amayi."

"Lozani."

Iye anatukula chala, naloza pachibwano, pansi kwambiri. Agogo anapukusa mutu. Anasunthira chalacho m'mwamba, chinakafika pamlomo.

"Mwaona? Mwini wake simukudziwa pomwe ili. Nanga lezala lidziwa bwanji? Lezala lilibe maso, apongozi, limayendera maso a mwini. Chimenecho chikukwirira nkhope, sichikupaka."

"Nkhope ndi yanga, amayi. Ndinabadwa nayo, ndakula nayo."

"Ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

"Kapena kugula firiji yopanda khomo," anatero Makaniko ali kuseri kwa mpanda.

Chachikulu anataya madzi a m'beseni mwamphamvu, ena anakawaza mpanda. Anasukusula, napukuta kumaso, n'kuimika chiburashicho pawindo kuti chiume, pamalo poti aliyense wodutsa achione. Mpaka dzuwa kulowa chinali chikudonthabe.

Lolemba Make mapasa analawirira, chifukwa nsalu za alendo sizidikira. Asanatuluke anapachika malaya oyera kuseri kwa chitseko, osita bwino, kolala ili chilili. Malaya oyera m'nyumbamo anali omwewo. Anaima pakhomo pa chipinda cha amayi ake.

"Amayi, chonde, lero pakamwa."

"Ndamva, nditseka pakamwa. Pita, ungachedwe. Uwoloke bwino pamphambano paja."

Mapasa atapita kusukulu, Agogo anafunditsa madzi, nakaika beseni pakhonde pamene kuwala kunali bwino. Pambali pa beseni anagoneka kaburashi ka malemu, osanena kanthu. Pakamwa anali atalonjeza, koma manja sanalonjeze.

Chachikulu anatuluka atavala vesiti, akuimba mluzu. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Anakaona kaburashiko, nakakankha ndi chikhadabo mpaka kanagwera pansi. Agogo anawerama movutikira, mawondo akulira, nakatola n'kukapukuta ndi nsonga ya mpango.

Chiburashi chija chinali chisanaume chiyambire dzulo. Atachiviikanso chinalemera ngati mwana wa mphaka wogwera mumgolo. Thovu loyamba linatuluka lamadzimadzi, linayenderera m'khosi n'kunyowetsa vesiti. Anapukuta, nayambiranso. Sopo amene anatsala dzulo anali wongozungulira m'mbali mwa kambale, ndipo chiburashicho chinkalephera kumufikira. Anachita kukolopola sopoyo ndi chala, kumupaka pa ubweya, kuzunguza pachikhatho. Dzuwa linali likukwera. Makaniko anali atatsegula kale galaja, nyundo ikumveka. Basi ya anthu a ntchito inadutsa kumsewu, ina inadutsanso.

Mluzu uja unatha. Pomaliza thovu linagwira, lochindikala ngati phala la mwana, ndipo iye analiunjika kumaso mwachangu. Nkhope inasowanso. Panangotsala timaso tiwiri, tikuphethira pamwamba pa chulu choyera.

Agogo analimbana nawo mtima. Anakumbuka mwana wawo ataima pakhomo. Koma munthu sungaone mwana wa mnzako akuponda njoka n'kukhala chete chifukwa unalonjeza.

"Apongozi, chinthu chimodzi chokha, kenako nditseka pakamwa. Pukutani ndi chala pamene pali njerewere. Muione kaye, kenako mumete."

"Amayi, ndachedwa."

"Ndi chala chokha."

"Mwandilodza kokwanira kuyambira Loweruka. Ndisiyeni."

Anatenga lezala. Tsaya lakumanja linayenda bwino, lezala linatsika kuchokera kukhutu mpaka kuchibwano, n'kusiya mseu wosalala pakati pa thovu. Iye anawayang'ana Agogo kudzera pagalasi, nsidze m'mwamba. Tsaya lakumanzere analiyamba chimodzimodzi, mkono wonse, mosadukiza, ngati munthu wotchetcha udzu pabwalo lopanda miyala.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati ulusi ukuduka.

Kwa kanthawi panalibe chimene chinachitika. Iye anaima, lezala lili m'mwamba. Kenako pansi pa mlomo thovu linayamba kufiira, kadontho kaye, kenako duwa, kenako mzere wotsikira kuchibwano n'kudonthera m'beseni. Palezala, pakati pa thovu ndi tindevu, panali kanthu kakuda ngati njere ya nyemba.

"Amayi," anatero iye, mawu ali aang'ono ngati nkhope yake.

Agogo anali ataimirira kale. Aliyense wopita m'maliro ndi m'zipatala amadziwa kuti njerewere ikadulidwa imakha magazi ngati mpopi wakutha. Anamukhazika pampando, namutsuka thovu lonse ndi madzi ozizira, napinda kansalu koyera n'kukanikiza pabalapo ndi chala chachikulu. Mwambo woti mpongozi sakhudza nkhope ya mkamwini anauika pambali. Lezala silinangotenga njerewere yokha, linapitirira n'kukadya m'mphepete mwa mlomo.

"Gwirani apa. Mwamphamvu. Musasuzumire."

Iye anasuzumira. Magazi anayambiranso.

"Ndati musasuzumire. Kodi makutu anunso munagula aakulu opanda bowo?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Agogo anakanikiza mpaka mkono unachita dzanzi. Atachepa magazi, anapeza kuti theka la chibwano ndi pansi pa mphuno panali pasanametedwe. Agogo anatenga kaburashi ka malemu, nakazunguza m'mbali mwa kambale mmene chiburashi chinkalephera kufika, napaka thovu pang'onopang'ono mozungulira bala, n'kumumeta okha. Za anthu akufa zinamufika kumaso, ndipo sanatsegule pakamwa.

Anamumata pulasitala. Mlomo unali utayamba kutupa, ukulendewera mbali imodzi. Povala malaya, batani la pakhosi linamuvuta, anakweza chibwano, khungu linakokeka, ndipo kadontho kanatsetsereka pansi pa pulasitala n'kugwera pakolala. Agogo anapatikita ndi sopo ndi madzi ozizira. Kufiira kunachoka, panatsala chikanga chonyowa, chachikasu.

"Mukafika, musaweramitse mutu kwambiri," anatero Agogo ali pageti. "Musamwetulire. Musalankhule zambiri. Likayamba kutentha, kanikizani ndi mpango."

Iye anathamangira basi, nsapato zake zazikulu zikuwomba zidendene.

Dzuwa lisanafike pamutu anabwerera. Agogo anamuonera pawindo akulowa pageti, jekete ya malemu ili paphewa, dzanja litagwira pakamwa. Sanapereke moni. Analowa m'chipinda chakuseri n'kutseka chitseko. Agogo sanafunse. Munthu wolembedwa ntchito sabwera nthawi imeneyo.

Nkhani inabwera madzulo ndi Make mapasa. Anafika n'kukhala pa sitepe ya khonde, osavula nsapato, chikwama chili pamiyendo. Agogo anamubweretsera madzi akumwa, nakhala pambali pake.

"Anafika mochedwa," anatero Make mapasa, akuyang'ana pageti. "Anzawo atayamba kale. Ine ndinali pakhomo la kochapira, ndikuonera pakamphepete. Kapitawo anawayang'ana pakamwa, anawayang'ana pakolala, kenako anayang'ana kumene ndinaima ine. Komabe anawapatsa thireyi ya makapu. Anati pitani nayo patebulo ilo, muike bwinobwino, muwerame, mumwetulire, munene kuti takulandirani."

Agogo anatseka maso.

"Kunyamula ananyamula bwino, amayi. Kapu ngakhale imodzi sinagwedezeke. Atafika anawerama, anamwetulira. Pulasitala inamatuka. Magazi anadonthera pansalu ya patebulo, pafupi ndi mbale ya shuga."

"Kapitawo anati chiyani?"

"Kwa iwo sananene zambiri. Anangoti bambo, pano timaperekera chakudya, chipatala chili kutsidya kwa msewu. Malo anapatsa mnyamata wina wopanda n'ndevu zomwe." Anamwa madzi pang'ono. "Kenako anayalula nsalu ija yekha, anabwera nayo kochapira, anandipatsa m'manja anzanga onse akuona. Anati iyi ndi ya kwanu, chapani. Ndipo musadzandibweretserenso m'bale."

Anatambasula manja ake osuwuka aja n'kuwayang'ana.

"Ndaichapa, amayi. Yayera."

Agogo anali ndi mawu ambiri pakhosi. Anali ndi wosamva amene anamva nkhwangwa ili m'mutu, anali ndi safunsa amene anadya phula, onse atafola pamzere kudikira kutuluka. Anayang'ana manja a mwana wawo, nawameza onse. Anangoti, "Vula nsapato, mapazi angatupe."

Bala linatenga nthawi kupola, chifukwa mwini wake ankalitokosa ngakhale anauzidwa kuti asalitokose. Litapola, njerewere inameranso pomwe paja, ndipo sinabwere yokha. M'mphepete mwa chipsera, mmene lezala linadutsa, munatuluka tina ting'onoting'ono, tandandalika mpaka pamlomo. Wometa wa pamsika ataona anakana, anati makina ake sayenda pamiyala. Lezala ndiye Chachikulu sankafuna n'kuliona komwe. Anangozisiya ndevu kuti zimere, ndipo zinamera mwamanyazi, apa zilipo apa palibe, kankhope kaja kakusuzumira m'kati ngati khoswe wa m'tsekera. Kuhotela kulikonse kumene anapita pambuyo pake ankamuyang'ana ndevuzo n'kumuuza kuti adzamuimbira.

Chiburashi chija anatenga Makaniko, amapukutira fumbi m'magalimoto a anthu. Akuti pa ntchito imeneyo palibe chinzake.

Kanyumba kawo sikanapezeke. Chachikulu amagonabe m'chipinda cha njinga, ndipo masana amakhala pakhonde, pambali pa chifiriji chake, kuyang'ana anthu opita kuntchito ndi obwerako. Tsiku lina kunja kutachita mitambo, Agogo anatuluka ndi ndodo yawo n'kumupeza atakhala pamenepo, mutu atatsamira chipupa.

"Apongozi, mwayandikira soketi. Kukubwera mvula."

Soketiyo inali yakufa chiyambire nthawi ya malemu, ndipo iye ankadziwa. Anadzuka, nakoka mpando wake, n'kukakhala pamene Agogo analoza ndi ndodo.